A Nyirongo, Amene Mwana Wanga Anawasankha

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha apongozi anga aamuna, a Nyirongo, kumanda a kwathu kuno kwa Kaluluma. Patha chaka chimwalirireni. Anthu analankhula, eee, analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Wina ati anali katswiri wosankha fodya, wina ati sankajomba kutchalitchi, wina ati pakamwa pawo sipanatulukepo chipongwe. Zonsezo n'zoona. Ine ndinakhala kumbuyo ndi akamwana anzanga, pakamwa ndili tseke, poti mkamwana salankhula pamanda a apongozi ake. Koma chikhala kuti anandipatsa mpata, ndikananena chimene sananene wina aliyense. Munthu ameneyu ndinamuchitira nsanje zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo angakhale wagona pansi pa simenti, nsanjeyo sinathe.

Musaganize kuti ndi nsanje ya munda kapena ya malata. Ndi ya mwana. Temwa wanga, amene ndinamusenza m'mimba miyezi isanu ndi inayi ndikupalira fodya, anasankha agogo ake n'kundisiya ine mayi wake nditatambasula manja. Temwa tsopano ali ndi zaka khumi. Achipatala amati ali ndi otizimu. Amamva bwinobwino, amaona, mutu wake umagwira zinthu zina kuposa ife, koma kukhala ndi anthu kumamuvuta. Nkhope ya munthu ikamuyandikira amaithawa, phokoso limamupweteka, ndipo mawu anachedwa kwambiri kumubwerera.

A Nyirongo anali aatali, owonda, makutu aakulu otuluka m'chipewa. Chala chawo chachikulu chinali chofiirira chifukwa cha fodya, chonsecho sanasutepo. Ankayenda ngati munthu amene safuna kudzutsa fumbi. Ukawafunsa kanthu ankakhala chete mpaka iwe kuyamba kuganiza kuti sanamve, ndiye poyankha n'kungoti mawu atatu basi. Amuna anga, a Lameki, amene ndi mwana wawo wachitatu, amati kuyambira ali ana ankadziwa kuti adada akati "tiona" ndiye kuti akana, akangokhosomola ndiye kuti avomera.

Nyengo yosankha fodya ankadzuka mame asanakamuke, masamba adakali ofewa, n'kukakhala m'chigafa, chisakasa chathu choumitsiramo fodya chija. Ankatenga tsamba limodzi, kulitambasula pabondo, kulisisita, kenaka n'kuliika pamulu wake uku akuti, "Uyu uku." Lina, "Uyu uku." Anyamata aganyu ankatopa nawo. Iwo ankawauza kuti tsamba limanena lokha mulu wake ngati munthu alipatsa nthawi, ndipo dzanja laphuma limangofumbutula chimene chikanagulitsidwa bwino. Ankanena zimenezi kawirikawiri moti ife tinkachita kuwayeserera kuseri.

Ine ndine wa kwa Chulu, Mchewa weniweni, kumene mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Kuno anandilowola, ndipo ndinapeza malamulo ena. Mkamwana sayang'anizana ndi apongozi aamuna, sawatchula dzina, sakhala nawo pamphasa imodzi. Mukakumana panjira iwe umapatuka n'kugwada chakumbali. Mabanja ambiri zimenezi anazisiya, koma osati a Nyirongo. Akafuna kanthu kwa ine ankalankhula ndi mzati, kapena ndi galu wawo. Umangomva, "Kaya madzi akumwa alipo pakhomo pano," maso ali kumtengo wa mango. Ine n'kubweretsa madziwo, kuwaika pansi, iwo n'kuthokoza mtengowo. Poyamba ndinkaseka. Sindinkadziwa kuti khalidwe lomweli la munthu wosayang'ana mnzake kumaso ndi limene lidzandilande mwana.

Temwa atakwanitsa zaka zitatu tinali titagwa naye mphwayi. Ukamuitana dzina, zii. Tinkati mwina ndi wogontha, koma chigayo cha pamsika chikangoyamba kulira, iye ndiye ankakhala woyamba kutseka makutu, ife tisanamve n'komwe. Anzake akamasewera masanje, iye ali kuseri kwa nkhokwe kundandalika zitsononkho pamzere, ndipo wina akangosuntha chimodzi, kulira kwake mudzi wonse unkamva. Ukamunyamula ankauma gwa ngati chikuni. Ine ndinkamugwira chibwano n'kumutembenuza, "Tandiyang'ana iwe! Ndine mayi ako ine!" Iye n'kukuwa, ine n'kupsa mtima, kenaka tonse awiri n'kumalira.

Tsiku lina m'mawa Temwa anasowa. Ndinayang'ana kuchimbudzi, kukhola, kwa aneba, mtima uli m'mwamba. Ndinakamupeza m'chigafa. Anali atakhala pansi pambali pa agogo ake, pakati pawo pali mpata woti munthu n'kudutsa, onse awiri atayang'ana kumunda. Nkhalamba inkangosisita masamba ake ngati palibe munthu. Ine kulowa sindikanatha poti munali apongozi, ndiye ndinaima panja n'kumaitana monong'ona. A Nyirongo anauza mzati kuti, "Amusiye. Sakusokoneza munthu."

M'mawa mwake ndinapeza atatulutsa kampando kawo n'kukaika pakhomo pa chigafa, podutsa mphepo. Ati fodya si wa ana, amatsamwitsa. Pambali anali ataunjika masamba ouma a mango amene anatola okha. Temwa anapita molunjika, anakhala, n'kuyamba kuwasankha: ofiirira uku, achikasu uku, obooka uku. Palibe anamuuza. Kuyambira tsiku limenelo, kaya ndi nyengo ya fodya kaya ayi, m'mawa uliwonse awiriwa ankakhala pamenepo. Fodya akatha, nkhalamba inkasankha nayenso masamba a mango, nkhope ili yomweyo ya ntchito, ngati akapita nawo ku okushoni.

Zimene ankachita ndinkaziona ndili pakhonde, ndikunamizira kupeta. Ankatenga tsamba limodzi n'kuliika pakati pa iwo ndi mwana, osalankhula, osayang'ana. Temwa ankalisiya pomwepo. Mawa lake chimodzimodzi. Panatha mwezi wathunthu, abale, munthu wamkulu akudikira kamwana kuti katole tsamba la mango! Tsiku limene kanatola, iwo anangokhosomola. Patapita masabata ena Temwa ndiye anayamba kuika lake pakati, agogo n'kutola. Apo ndiye kupatsana kunayambira. Pambuyo pake anaitana mwana wa Esinati mlamu wanga, kamtsikana kolongolola ngati wailesi, n'kukauza kuti kakhale kumapeto, kasalankhule mpaka Temwa atakapatsa tsamba. Mnzake woyamba wa Temwa anapezeka choncho.

Mawu oyamba a mwana wanga sindinawamve ine. Ndinali kumjigo. Esinati, mchemwali wa amuna anga, anabwera akuthamanga chitenje chili m'manja. "Alamu! Alamu! Temwa walankhula!"

Ndinataya ndowa. "Wati chiyani? Wandiitana?"

"Wati, 'Uyu uku.' Kenaka wati, 'Agogo.'"

Azimayi analulutira. Inenso ndinalulutira, nanga ndikanatani? Koma ndikuuzeni zoona, nsanje inandigwira. Zaka zisanu ndikumusambitsa, ndikumuchapira, ndikunyozedwa naye panjira kuti ndinabereka chitsiru, lero pakamwa patseguka n'kutuluka "agogo"? Ndinafika kunyumba n'kumugwada patsogolo. "Tanena kuti amama. A-ma-ma." Anandidutsa ngati akudutsa mtondo.

Moni nayenso anamuphunzitsa ndi iwo. Kuno mwana wosapereka moni amanyozetsa mtundu wonse, ndipo ine ndinali nditatopa kumukankhira pansi kuti agwadire alendo. A Nyirongo sanamukankhepo. M'mawa uliwonse akakhala pakampando ankanena m'Chitumbuka chawo, maso ali kumunda, "Mwauka uli?" kufunsa kuti mwadzuka bwanji. Palibe ankayankha. Ankadikira pang'ono, n'kudziyankha okha, "Tauka makora," kuti tadzuka bwino. Mawu omwewo, nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lina asanadziyankhe kamawu kanatulukira pambali pawo. Kuchokera pamenepo Temwa anayamba kuyankha moni wa Esinati, wa bambo ake, ngakhale wa wogulitsa usipa, bola munthuyo aime chakumbali. Wanga ayi. Ine ndinkabwera ndi nkhope yonse, ndi njala yanga yonse ya mayi, ndipo mwanayo ankaimva njalayo n'kuthawa.

Anthu ofatsa amakangana moipa, ndipo a Nyirongo anali otero. Chaka china a Lameki anamva za sing'anga wa cha ku Nkhamenya amene ati amamasula lilime la ana potema mphini pansi pa chibwano. Anakonza zopita ndi Temwa Lachisanu. Bambo awo anati "tiona." Lachisanu m'mawa a Lameki anapeza matayala onse awiri a njinga ali phwa, mavavu mulibe. Anafunafuna, anakalipira ana a eni ake, anatukwana galu. Mavavuwo anali m'thumba la jekete la nkhalamba, ndipo anakhalamo sabata yathunthu. Powabweza anangouza mwana wawo kuti munthu amene amalira ndi kukhudzidwa chabe sungapite naye kwa munthu wa lezala.

Kutchalitchi nakonso anakangana. Temwa amang'ung'uza akakhala pagulu, ndipo mkulu wina wa mpingo ananena pamaso pa anthu kuti mwana wosokoneza mapemphero azitsala kunyumba. Ine ndinazyolika. A Nyirongo anaimirira pakati pa nyimbo, anatenga chipewa, anatuluka, Temwa n'kuwatsata. Anakakhala panja pansi pa zenera. Sabata yotsatira anabwera ndi kampando kawo. Abusa anawadandaulira, mkulu uja anapepesa, koma iwo ati panja pamamveka bwino ndipo mnzawo amapakonda. Ndiye amene ankanena pachiliza kuti sankajomba kutchalitchi anaiwala kunena kuti zaka zinayi zomaliza ankapempherera panja.

Za otizimu tinazimva Temwa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, nditapita naye kuchipatala kuboma. Namwino wina wodekha anandikhazika pansi. Anati si ufiti, si tchimo la mayi, ndipo palibe jakisoni wake. Anati ana otere amaphunzira kukhala ndi anthu pang'onopang'ono, ndipo ndisamukakamize kundiyang'ana, ndizikhala pambali pake, ndizilowa m'zimene iye amakonda, zinthu zizichitika mofanana tsiku lililonse. Ndinabwerako ndi pepala, ndikuyenda monyada kuti tsopano ndikudziwa chimene nkhalamba sikudziwa. Ndinawerengera a Lameki mokweza dala kuti mawu akafike kuchigafa. Ndili pakati powerenga ndinayamba kudzimva ndekha: khalani pambali, musamukakamize, chitani zimene amakonda. Ha! Ndinalipira basi kukatenga pepala lofotokoza apongozi anga. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, ndiye n'kuuza galu kuti, "Dzina lapezeka, yewo. Mwana ndi yemwe uja."

Tsopano ndinene chimene ndinawalakwira, poti ndicho chandikhazika pansi kulemba izi.

Chaka chimene Temwa anakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri mvula inanyanya. Fodya wa anthu ambiri anaolera m'zigafa. Wa a Nyirongo anapulumuka, chifukwa iwo ankapachika motalikitsa ndipo denga ankafolera kawiri. Koma kuno kwathu fodya wa munthu akachita bwino anzake atalira, sitifunsa za denga. Kumjigo kunayamba manong'onong'o. Ati nkhalamba ija inakhwimira mdzukulu wake, inamutenga nzeru kuti fodya azilemera. Ati nanga n'chifukwa chiyani mwanayo sachoka pachigafa? Ati taonani, mayi wake weniweni amamukana.

Tsiku lina mayi wina anandifunsa pamaso pa onse, "Amake Temwa, inu mukuti bwanji? Paja mumakhala nawo ndinu."

Ndinkadziwa kuti ndi bodza. Pepala la kuchipatala linali m'sutikesi mwanga. Ndikanangoti, "Musiyeni munthu wa Mulungu." Koma m'mawa womwewo ndinali nditaona Temwa akutsamiritsa mutu paphewa pa agogo ake, chinthu chimene ine ndinali ndisanachilawepo chibadwire chake. Ndiye pakamwa panga panatuluka izi: "Kaya, ine ndingadziwe chiyani? Mwana kukana bere limene anayamwa n'kukakamira m'chigafa. Ganizani nokha."

Anaganizadi okha. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mkamwana wa a Nyirongo wavomera. Anthu anayamba kuwalambalala panjira. Ine m'malo mochita manyazi ndinalimba mtima, ndinati mpata ndi umenewu. Ndinauza a Lameki kuti ndikukaona amayi kwa Chulu, ndinamanga katundu, n'kumutenga Temwa. Mumtima ndinkati, kumeneko kulibe chigafa, kulibe agogo, adzaona yekha kuti mayi ndi ndani.

Anandionetsadi. Tsiku loyamba analira mpaka mawu kutha. Lachiwiri anasiya kudya. Timawu tonse timene anali atatola tinauma. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo n'kumagwedezeka, kudikira moni amene sankabwera. Ine ndinayesa, "Mwauka uli, Temwa?" nditamugwira mapewa, iye n'kukamenyetsa mutu kukhoma. Amayi anga anandiyang'ana n'kuti, "Iwe Naphiri, mwanayu ukumupha. Wathawa chiyani kwa amuna ako?" Panatha masabata atatu, mwana mikono itatsala ngati bango, ine ndili gwa, kuopa kubwerera ndi manyazi.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo tinaona njinga ikubwera m'kanjira ka m'munda wa mtedza. Munthu wake sanali kupalasa, ankaikankha. Anali a Nyirongo, fumbi mpaka m'nsidze. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ananyamuka kwa Kaluluma mbandakucha. Pakaliyala anamangapo kampando kaja ndi thumba. Sanafike pakhomo, poti ndi kwa asewere awo ndipo sanatumize mawu. Anaima pansi pa mtengo kumapeto kwa bwalo, anamasula kampando, anakhala atayang'ana kumunda, n'kukhuthula thumba lija. Masamba a mango, abale. Ngati kwa Chulu kulibe mango!

Ndiye anakhosomola n'kunena, masanasana, "Mwauka uli?"

Temwa anali m'nyumba, kuseri kwa chitseko. Anatuluka. Sanathamange, sanaseke. Anayenda molunjika, anakhala pansi pamalo pake, n'kuti ndi mawu osasa, "Tauka makora." Amayi anga anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Anathamangira kukatenga mbatata yophika n'kukaika pakati pa awiriwo. A Nyirongo ananyema, anaika chidutswa pakati ngati mmene ankaikira masamba, ndipo mwana amene anandikanira chakudya masabata atatu anatola n'kudya.

Mukuganiza kuti ndinathokoza? Ndinaima pakhonde manja ali m'chiuno, mtima ukuwira. Ndinkafuna kugwada, ndinkafunanso kutenga thumba lija n'kukaliponya pamoto.

Pamenepo a Nyirongo anachita chimene anali asanachitepo. Sanalankhule ndi mtengo. Maso anali kumunda ndithu, koma anaitana ine. "Nyaphiri." Ndi mmene amatchulira Naphiri kwawoko. Ndinadzidzimuka, sindinkadziwa n'komwe kuti mfunda wanga amausunga. "Nyaphiri, bwerani mukhale apa, mbali iyo ya mwana."

"Adada, sizingatheke. Anthu aona."

"Aone. Khalani."

Anayala thumba lopanda kanthu lija mbali inayo. Ndinakhala.

"Zimene munanena kumjigo ndinazimva," anatero. "Sindinabwerere zimenezo. Ndabwera chifukwa ndakalamba. Mwana uyu sindidzapita naye kumanda, adzatsala ndi inu. Musamuyang'ane. Musamuitane. Tengani tsamba, ikani pakati, basi."

"Ndiye akapanda kutola?"

"Mawa muikenso."

Ndinaika tsamba. Ndinayang'ana kumunda monga anandiuzira, khosi likuchita kuwawa ndi kufuna kutembenuka. Mthunzi unasuntha. Temwa anatola tsamba la agogo ake, anatolanso lina, anawapatsa lake. Langa linangokhala pomwepo, nyerere zikuyendapo. Ndinapirira mwina ola limodzi. Kenaka ndinaimirira n'kunena kuti, "Ine ndili ndi ntchito, sindingakhalire masamba." A Nyirongo anangotola tsamba langa lija n'kuliika m'thumba la malaya.

Tinabwerera kwa Kaluluma m'mawa mwake. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse pakhomo pa chigafa pankakhala zinthu zitatu: kampando, mulu wa masamba, ndi thumba loyala mbali inayo. Sanandiitanenso, thumbalo ndilo linkaitana. Masiku ena ndinkapita. Masiku ambiri ayi. Ndinkanamizira ntchito, ndinkanamizira anthu amene ankati mkamwana wanji wokhala ndi apongozi. Koma chenicheni n'chakuti sindinkatha kupirira kuona dzanja la mwana wanga likudumpha tsamba langa n'kukatola lawo. Ndipo kumjigo sindinapite kukabweza mawu anga. Ndinkati ndidzanena mawa. Mbiri ya kukhwima a Nyirongo anaisenza mpaka tsiku lomaliza, osadandaula, osandinenera kwa mwana wawo. A Lameki zoona zake azimva kwa ine chaka chino, ndipo anakhala masiku awiri osandilankhula.

A Nyirongo anamwalira fodya ali pa nazale. Anadwala chifuwa masabata awiri okha. Pamaliro ndinamva ndi makutu angawa azimayi awiri akunong'onezana kuti tione ngati mwana uja achire tsopano poti mwini mankhwala wapita. Apo ndiye ndinatembenuka, mochedwa monga mwa nthawi zonse, n'kuwauza kuti bodza limenelo ndinalithirira ndine, ndipo munthu wagona apoyo ndi yekhayo pamudzi pano amene anamudziwa mwana wanga. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Mwini wake woti amve anali m'bokosi.

Temwa sanalire pamaliro. Anthu anati taonani, sakudziwa kanthu. Ankadziwa. M'mawa mwake anakakhala pamalo pake pakhomo pa chigafa, n'kudikira. Dzuwa linakwera, iye ali pomwepo. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi, ndipo chakudya anayambanso kukankha. Ndinaona za kwa Chulu zikubwerera, ulendo uno popanda njinga yoti itulukire m'munda wa mtedza. Mantha anandigwira. Tsiku lachitatu ndinatola masamba a mango, ndinayala thumba lija, ndinakhala, maso kumunda. Ndinaika tsamba pakati. Sindinamuyang'ane, sindinamuitane. Mawa lake ndinaikanso. Ndinaika masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, ndinkawerenga.

Tsiku lotsatira ndisanaike n'komwe, ndinamva kakhosomolo pambali panga. Kakhosomolo ka nkhalamba, kochokera m'khosi mwa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Kenaka mawu, okokera m'mwamba ngati mmene iwo ankakokera: "Amama, mwauka uli?"

Ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe, poti ndikanakuwa akanathawa. Ndinayankha ndi lilime langa lolemera la kwa Chulu, "Tauka makora." Misozi inkagwera pamasamba, ine maso ali kumunda.

Masana ake ndinathamangira kwa Esinati kukadzitama kuti mwana wanga wandiitana yekha. Esinati anandiyang'ana mwachisoni. "Alamu, simunkadziwa? Masiku onse amene inu simunkabwera aja, adada ankaloza thumba lanu lopanda munthu n'kumati, 'Amama, mwauka uli?' kuti Temwa azibwereza. Zaka ziwiri akupereka moni kwa thumba."

Ndiye mwaona? Ngakhale "amama" amene ndinamudikira zaka zisanu ndi zinayi anadzera m'kamwa mwawo. Ndimawathokoza, Mulungu akudziwa. Koma ndikanama ndikati sizindiwawa.

Chigafa chija chaka chino a Lameki sanachigwiritse ntchito, anamanga china kufupi ndi munda. Chakalecho chapendekeka, udzu wa padenga wayamba kuthothoka, ndipo chiswe chalowa mzati umene iwo ankalankhula nawo. Amuna anga anafuna kuchigwetsa, ine ndinakana. Kampando kali pomwe paja pakhomo, miyendo yake inakumba timaenje m'dothi. Palibe amene amakhalapo. Galu anayesa kugona pansi pake, Temwa anamuthamangitsa. M'mawa uliwonse timakhala awiri, iye pakati, ine pathumba langa, kampando mbali inayo. Amandipatsa moni, ndimayankha. Akatero amasankha tsamba labwino koposa, losabooka, lofiirira bwino, n'kuliika pakampando. Lachiwiri ndiye amaika mbali yanga. Ine langa ndimatola msanga. La pakampando palibe wotola, ndiye masamba angounjikana, mphepo ikagwetsa iye amatola n'kubwezerapo. Ndimayang'ana kumunda monga anandiphunzitsira, koma pakona ya diso ndimauona mulu wawo, ndipo mpaka lero ndi waukulu kuposa wanga.